Tizipewa Topanda Msoko

Lolemba, 9 Juni

Mlanduwu unayamba pa 14 Malichi, zaka zinayi zapitazo, tsiku limene ndinapereka tizipewa tanga toyamba kwa mayi wapampando wa gulu lathu lolukira makanda obadwa kuchipatala. Anandiuza kuti amayi obereka angachite manyazi kumva kuti chovala cha mwana wawo chinalukidwa ndi mwamuna, choncho ndi bwino azikapereka iwo. Chiyambire tsikulo, dzina langa silinatchulidwepo m'wodi.

Lero ndawapatsanso tisanu. Akuti, "Achimwene, kupuma pantchito kwakuyanjani, mpaka zala zafewa." Ndinakhala kalaliki zaka makumi atatu, ndipo anthu osainira ntchito ya anzawo ndimawadziwa ndi kayendedwe komwe.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndilembe kusiyana kwake, popeza palibe wofunsa. Amayi apampando amaluka ndi singano ziwiri, kenako n'kusoka m'mbali. Msoko wake umakhala wokhuthala ngati wa thumba la simenti, ndipo mfundo amaibisa ndi kampira ka ulusi pa liwombo penipeni. Ine ndimaluka mozungulira ndi singano zinayi, monga anandiphunzitsira malemu mayi a kunyumba kuno. Khanda limagona popanda chomukanda.

Lachinayi, 12 Juni

Mpongozi wanga wachira. Mwana wamkazi.

Ndinapita kukawaona nditatenga kachipewa koyera m'thumba la jekete, kamene ndinamasula kawiri kuti kakhale bwino. Ndinapeza mdzukulu wanga atavala kale kachikasu. Ndinakazindikira ndili pakhomo: kanga, ka sabata yatha.

"Bambo, taonani manja a amayi apampando," anatero mpongozi. "Inu mumayesetsa ndithu, koma pitani akakuphunzitseni."

Mwana wanga amene, wobereka ndekha, anaseka. Koyera kaja ndabwera nako.

Lachisanu, 13 Juni

Sindinakhudze singano.

Loweruka, 14 Juni

Mamawa kwabwera mayi wapampando, amene sanapondepo pakhomo pano ngakhale pa maliro a mkazi wanga. Moni wake anali wautali modabwitsa.

Nkhani ndi iyi. Mzamba wamkulu waona kuti tizipewa ta msoko tikusiya mizere pamitu ya ana obadwa masiku asanakwane, ndipo walamula kuti azilandira topanda msoko tokha. Wapemphanso katswiri wake kuti Lolemba akaphunzitse gulu lonse m'chipinda cha sikelo, pamaso pa amayi. Katswiriyo ndiye anaima pakhonde panga, chikwama atachigwira ndi manja awiri.

"Achimwene, tandikumbutsani kalukidwe kaja. Mutuwu wakalamba."

"Mayi, ndikukumbutseni bwanji chimene simunachidziwepo?"

Ndinawapatsa singano zinayi kuti ayese. Anazigwira ngati agwira nkhanu yamoyo. Imodzi inagwa, n'kugubuduka mpaka pansi pa kabati. Sindinawatolere.

Ndinawauza mofatsa kuti Lolemba ndikaphunzitsa ndekha. Mpongozi wanga akakhalapo, pakuti ndi tsiku lake la sikelo. Amayi apampandowo akaima pambali panga, n'kuuza mzamba ndi pakamwa pawo mwini wa tizipewa timene akhala akupereka.

"Sizingatheke kungonena kuti mumandithandiza?"

"Ayi."

"Ndiye nditchule tingati?"

"Tonse, mayi. Ndi 418."

Anakhala pampando ndisanawapatse malo.