Baibulo la Msinkhu wa Tiyamike

Amayi, kodi mukupeza bwanji kumene muliko?

Ife kuno kwa Nthache tilipo, Mulungu akutisunga. Papita mvula zitatu chikuperekezereni, ndipo nkhani zachuluka moti poyambira pakusowa. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Fanuwelo, anachira mwezi wa Febuluwale, mwana wamwamuna, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Chimanga sichinachite bwino chifukwa feteleza tinathira mochedwa, koma nandolo watipepesa. Manachesi anu aja anabereka mpaka nthambi kuthyoka, ndipo titapita nawo kumsewu madalaivala a mathiraki a ku Zobue ankachita kulimbirana. Mbuzi ija munkaitcha Kapitawo makani sinasiye, sabata yatha yomweyi ndakapepesa kawiri kudimba kwa eni ake.

Koma chandigwiritsa cholembera ndi mdzukulu wanu Tiyamike, ndipo ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga.

Munamusiya atangoyamba Sitandade 1, akulemba dzina lake pansi ndi chala. Ine Sande sukulu ija ndikuphunzitsabe. Chaka chatha pa tsiku la mapemphero a ana ndinamuika kuti awerenge mawu kutsogolo, ndipo ndinamupatsa Baibulo lanu lachikuto chakuda, lija munawoloka nalo malire mutalikulunga m'chitenje nthawi ya nkhondo. Ndinkafuna mpingo wonse uone mdzukulu wa malemu akuwerenga buku la agogo ake. Kunali kudzionetsera kwanga, Amayi, sindibisa. Tizilembo take paja n'tating'ono ngati nyerere, Chichewa chakenso n'chakalekale. Mwana anayamba bwino, koma atafika pa liwu lina lalitali anakakamira. Analiyesa kawiri, katatu. Wina kumbuyo anaseka, ena n'kumulandira. Tiyamike anatseka bukulo, analiika patebulo mwaulemu, n'kutuluka akuthamanga.

Kuyambira tsiku limenelo sanawerengenso mokweza, kunyumba ngakhale kusukulu. Aphunzitsi ake a Sitandade 3 anandiitanitsa. Anati mwana amene ankakweza dzanja funso lisanathe, tsopano akamuloza amangoyang'ana zala zakumapazi, ndipo akapitiriza choncho abwereza kalasi. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa, podziwa kuti pakamwa pa mwana ndinatseka ndine.

Munandilankhula ndinu, tsiku lina ndikupalira. Ndinakumbukira muja munkatisungira makasu akutha, n'kutidulira mipini yaifupi, mukunena kuti, “Mwana sapatsidwa khasu la bambo wake, angadane ndi munda.” Ndinaima pakati pa mzere ndikudziseka. Mawu ndinawamva ndili wamng'ono, nzeru yake yandipeza ndili ndi imvi ziwiri.

Mwamwayi amayi a mpingo anasonkha nandolo kuti tigulire ana mabaibulo, ndipo anasankha ine kuti ndikagule. Pamsonkhano wake panali ntchito. A Zuze, mkulu wa mpingo uja munkati akayamba pemphero nyemba zimapsa, anati tigule athunthu ngati a akuluakulu. “Mawu a Mulungu sadulidwa ngati nsalu,” anatero. Achimwene a Fanuwelo nawo ankafuna achizungu, akuti ana aziphunzirirapo chingerezi, chonsecho eni akewo chizungu chawo chimathera pa moni.

Ndinaimirira n'kuwauza chinsinsi chimene inu sindinakuuzenipo. Mukukumbukira kuti Lamlungu lililonse masana ndinkakuwerengerani, poti inu sukulu simunaiponde? Amayi, theka la zimene ndinkawerengazo sindinkazimva. Liwu likandivuta ndinkalidumpha, nthawi zina mzere wonse, inu mukugwedeza mutu. Ndinawauzanso za tsiku lija kunabwera alendo, inu n'kundiitana kuti aone mwana wanu wodziwa kuwerenga. Tinatsegula pomwe buku latsegukira, monga mwa chizolowezi chanu, ndipo ndinagwera pa nkhani ya kuchipinda ya anthu akuluakulu. Ndinaiwerenga mokweza, monyadira, osadziwa kanthu. Munandilanda bukulo n'kunena kuti, “Thamanga ukatunge madzi,” mitsuko ili yodzaza. Msonkhano wonse unafa nacho chiseko, ngakhale a Zuze anabisa nkhope m'chipewa. Anandilola kukasankha, koma anati adzaliyeza okha lisanafike m'manja mwa ana.

Loweruka linalo ndinakwera minibasi pa Boma kupita ku Blantyre, nditamutenga Tiyamike. Ndinamuuza kuti akandinyamulire katundu. M'sitolo ya mabuku mtsikana wogulitsa anatiyalira mitundu itatu. Lina linali lachizungu, lonyezimira m'mbali, lokongola zedi. Lina linali zithunzi zokhazokha, mawu mzere umodzi pansi. Lachitatu linali la Chichewa chimene timalankhula lero, zilembo zikuluzikulu, nkhani iliyonse masamba awiri, chithunzi apa ndi apo.

Sindinamuuze kuti awerenge, ndinali nditaphunzira. Ndinangowasiya mabukuwo pafupi naye, ine n'kuyamba kucheza ndi wogulitsayo za kutentha kwa chaka chino, diso limodzi lili kwa mwana. Lachizungu analisisita chikuto n'kulisiya. Lazithunzi analitsegula msangamsanga, n'kunong'ona kuti, “Ili ndi la ana a sukulu ya mkaka.” Lachitatulo anakhala nalo pansi, pasimenti pomwepo. Patapita kanthawi ndinaona milomo ikugwedera, chala chikuyenda pansi pa mzere. Anatembenuza tsamba, kenako lina. Ine nyengo ndinaikamba mpaka kundithera, ndinayamba kufunsa mtsikana wa eni ake za kwawo. Tinagula a mtundu womwewo a ana a Sitandade 3 mpaka 5, ndi azithunzi aja owerengeka a tiana tating'ono.

A Zuze anasunga mawu awo. Anatenga limodzi, ndipo poti pansi pa nkhani iliyonse analembapo mutu ndi ndime kumene yachokera, anakhala sabata yathunthu pakhonde ndi mabuku awiri pamiyendo, kufananitsa. Polibweza anangoti, “Sanawonjezeremo zawo.” Kwa a Zuze, Amayi, kumeneko ndiye kuyamikira kotheratu.

Tsiku la ana la chaka chino litayandikira, dzina la Tiyamike sindinalilembe. Ndinali nditalumbira kuti sindimukankhanso. Lachisanu ndikusenda chinangwa anabwera n'kuima pambali panga, akukanda chitseko ndi chikhadabo. Anati, “Amama, nkhani ya kamnyamata kanapereka mikate ndi nsomba kaja mwapatsa ndani?” Ndinati palibe. Anati, “Musapatse munthu.”

Lamlungu tchalitchi chinadzaza, ena anaima m'mazenera. Anapita kutsogolo ndi diresi lake la buluu, buku atalikumbatira pachifuwa. Mawu anayamba motsika, kenako anakwera. Chapakati anafika pa liwu lalitali n'kuima. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimunong'oneze, koma ndinadziluma lilime. Mwana anaika chala pa liwulo, analiduladula pang'onopang'ono monga amachitira kusukulu, n'kulitchula lonse bwinobwino, n'kupitirira. Sanadumphe kanthu. Atafika kumapeto anakweza mutu, anayang'ana kumabenchi akumbuyo kuja kunachokera chiseko, kenako anatembenukira kwa a Zuze n'kufunsa mokweza kuti, “Ndiwerengenso tsamba linalo?”

Nthungululu zake simunazimve kumeneko? Ine ndinalira pagulu, osachita manyazi, ndipo mpaka lero ndikamayenda pamsewu ndimamva ngati ndatalika. Lolemba lapitali anabwera ndi lipoti la kusukulu akulivinitsa m'mwamba. Wakhoza, akupita Sitandade 4, ndipo aphunzitsi alembapo kuti tsopano vuto lake ndi kusapatsa mpata anzake.

Ndikukulonjezani kuti mwana aliyense amene adzadutse m'manja mwanga sindidzamuimika kutsogolo kuti anthu aone ine. Ndizidikira mpaka abwere yekha kudzapempha.

Takusowani kwambiri. Pumulani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lonesi