Nkhata ya Golide

Lolemba, 3 Malichi

Aprofesa avomera. Lachisanu sabata yamawa ndikaima pamaso pa oyesa kuteteza kafukufuku wanga wa digiri ya udokotala wa sayansi. Zaka zinayi za moyo wanga, mphindi makumi anayi.

Amayi pafoni: "Kodi kwenikweni wapeza chiyani, mwanawe?" Ndawauza kuti timatenga njere ya pakati pa atomu ya golide n'kuiwombanitsa ndi inzake pa liwiro loopsa. M'malo mokhala yobulungira, imaphwatalala, kubooka pakati, kenako n'kusweka. Ndi maso sitiiona. Timangowerenga kumene zidutswa zake zagwera. Zanga zimagwera mozungulira, pakati popanda kanthu.

"Oo, ndiye nkhata," atero. "Zaka zinayi kufunafuna nkhata? Ukanandifunsa ine." Ndaseka mpaka misozi.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndinalowa mosungira katundu kukafuna tsiku lenileni limene tinayatsa makina owombanitsira njere aja. Buku la zochitika, lachikuto chobiriwira, fumbi lokhalokha. Sindinalitsegulepo chiyambire. Manambala ndinkangowatenga pa kompyuta.

Tsamba 41, dzanja la a Chisoti, mmisiri wathu: "Timaso 8 ta pakati tapsa. Ndatizimitsa. Owerenga manambala adziwe." Mzere wofiira kunsi kwake. Tsiku lachiwiri la ntchito yanga.

Timaso timeneti ndi tomwe timagwira zidutswa. Ta pakati tinali takhungu nthawi yonseyo. Ndiye kuti bowo langa lija linali m'makina, osati mu golide.

Ndinakhala pa katoni mpaka wosesa anandipempha kuti ndisunthe.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndawerenganso, kutenga zokhazo za tsiku loyamba timaso tili bwino. Mwa nkhata 2,300 zatsala 9. Zisanu ndi zinayi basi! Ndi zimenezi sungatsimikizire munthu kanthu. Kuthamanga si kufika, zoona.

Aprofesa pakhonde: "Dokotala wathu!" Ndamwetulira ngati chitsiru.

Loweruka, 8 Malichi

Buku lija ndabwera nalo kunyumba. Lili pansi pa matiresi. Palibe amaliwerenga. Ndikangokhala chete adziwa ndani?

Amayi andisokera diresi yabuluu, akuti ili panjira. Chakudya sichikulowa. Ndili ndi mantha, ndipo ndikudzida.

Lachiwiri, 11 Malichi

A Chisoti anandipeza pa ketulo. "Achemwali, buku lobiriwira lija simunalione? Ndikupuma ntchito mwezi wamawa, ndikufuna ndisiye zonse m'malo mwake." Ndinati ayi. Kunamiza munthu wa imvi, maso ali gwa.

Kenako anaseka. "Lachisanu ine mzere wakutsogolo. Zaka makumi atatu ndikupukuta timaso timeneti, aka n'koyamba kuti tione kanthu."

Tiyi ndinamusiya pomwepo.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndanena.

Aprofesa anawerenga tsamba 41 kawiri, n'kuvula magalasi. "Zatsala zingati?" Ndinawauza. Sanakalipe, bola akanakalipa. Za Lachisanu zafa. Makina tidzawapezanso chaka chamawa, ngati atipatse mpata.

Kuchoka apo ndinapita kwa a Chisoti, buku lili m'manja. Ndinati munalemba bambo, n'kudula mzere wofiira, wosawerenga ndine. Ndipo dzulo ndinakunamizani.

Analandira buku ndi manja awiri. Anavula chisoti n'kukhala pansi. Zaka zinayi, lero n'koyamba kuona mutu wawo.

Diresi yafika, ikadali m'pepala. Amayi akuimba foni kachitatu tsopano.