Wailesi ya a Tayi m'Galimoto ya Ababa

Kunyumba kwa amayi,
17 Seputembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti kuzizira mumadandaula kuja sikunakuumitseni zala mpaka kulephera kuyankha makalata a mlongo wanu. Ife kuno tilipo. Amayi bondo lija likuwavutabe, koma pakamwa pokha ali ndi thanzi la mtsikana. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa ndikufuna mumve nkhani yonse musanandidule mawu, poti kudula anthu mawu ndiyo ntchito munapitira kusukulu.

Galimoto ya ababa yabwerera m'galaja mwake. Khalani pansi ndikuuzeni mmene yabwererera.

Mukukumbuka kuti maliro a ababa atangotha, amuna awo a achemwali, a Tayi aja ovala tayi ngakhale popita kukataya zinyalala, anapempha makiyi kuti galimoto isachite dzimbiri. Amayi, maso ali otupa, anapereka. Kuyambira pamenepo dzimbirilo akhala akulithamangitsa Loweruka lililonse ponyamula akwati, maliboni ali pa boneti. Amayi akapempha kuti awaperekeze kuchipatala amayankhidwa kuti, "Mayi, galimoto yakale ngati iyi si ya maulendo wamba." Ndiye amayi amakwera basi ndi bondo lawolo. Tsiku lina galimoto ya mwamuna wawo inawadutsa ali pa siteji, ikuliza hutala. Nditawadandaulira achemwali anati, "Iwe suli pabanja, sungamvetse." Ndinameza.

Chimene chinandikanika kumeza ndi ichi. Akwati ena anati sangakwere galimoto yopanda nyimbo. A Tayi anakagula wailesi yatsopano ya timagetsi tothwanima ndi masipika aakulu ngati mabeseni. Wailesi ya ababa ya mabatani oyera ija anaizula. Bowo litachepa, anatenga sowo. Achimwene, anacheka thabwa la dashibodi. Thabwa lija ababa ankalipukuta ndi mpango wa m'thumba, lija anakutchayirani khofi mutaikapo botolo lonyowa. Anaboolanso zitseko zakumbuyo kuti masipika alowe, ndipo poona kuti zotsegulira za m'kati ndi zotsitsira magalasi zikutsekereza, anazichotsa. Akuti mkwatibwi sadzitsegulira yekha chitseko.

Koma wailesiyo inakana ukwati. Mmisiri amene anailumikiza anaiyesa ili pampando, inaimba bwino lomwe. Atangoilowetsa m'bowo, n'kuimanga ndi kachitsulo kumbuyo, n'kulumikiza eriyo, fyuzi inati phu! Anaika ina, phu! Mmisiriyo anakanda mutu, anati wailesi ndi yabwino, galimoto ndiyo yokalamba, natola zida zake n'kumapita.

Lamlungu masana ndinangomva injini ija pageti. Mukuidziwa, imatsokomola kaye isanazime. A Tayi anatsika ndi achemwali, akumwetulira mpaka mano a kumapeto.

"Aphunzitsi athu a sayansi! Mlamu wanga wapamtima! Lero tiwone ngati digiri ija imagwira ntchito kunja kwa kalasi."

"Alamu, ine ndimangodziwa choko," ndinatero. "Koma tiyeni tiwone."

Inu simunkalowa m'galaja, ndiye ndikufotokozereni. Batire lili ndi mitu iwiri, pulasi ndi mainasi. Magalimoto a masiku ano amamangirira mainasi ku chitsulo cha galimoto, ndipo mawailesi onse atsopano amapangidwa modalira zimenezo. Ya ababa ndi ya nthawi ija zinthu zinkachitika mosiyana: ku chitsulo kumapita pulasi. Wailesi ili pampando sinkakhudza chitsulo, n'chifukwa chake inkaimba. Ikangokhudza, pulasi ndi mainasi zimakumana popanda mkhalapakati, ndipo fyuzi imafera pomwepo. Ine ndinadziwa a Tayi asanamalize n'komwe kufotokoza. Mankhwala ake ndi a mawu ochepa: chotsani kachitsulo, zulani eriyo, muimbe nyimbo za pa flashi mpaka mutapeza kachipangizo koyenera.

Mawu amenewo ndinawasunga m'tsaya.

"Tiyambe ndi masipika," ndinatero. "Mugone chagada pansi pa chiwongolero, mutsate waya aliyense ndi chala."

Anagona, achimwene. Tayi inagwera kumaso, miyendo ili panja ngati nkhuku yoti aisosole. Dzuwa linali loswa mtengo. Ndinawatsatitsa mawaya a kumanzere, kenako a kumanja, kenako ndinati mwina ndasokoneza, tibwerezenso. Ndinawapalitsa mitu ya batire ndi sandipepala mpaka zikhadabo zinada. Ndinawachotsetsa mpando wakumbuyo kuti tiwone ngati waya wapanikizika. Palibe bodza ndinanena. Zonsezi ndi zimene munthu amayesadi wailesi ikavuta. Amayi anatulutsa mpando pakhonde n'kumaonerera.

"Mwana wanga, usawatopetse alamu ako," anatero, koma mawu ake anali a munthu amene akupempha kuti awonjezere.

Fyuzi zonse anabwera nazo zitapsa, a Tayi anadzuka thukuta lili kamukamu.

"Vuto ndi tifyuzi timeneti. N'tofooka."

"Alamu, fyuzi ndi mlonda. Imafa kuti nyumba isapse."

"Mlonda wongokomoka timamuchotsa ntchito," anatero, n'kutola msomali pawindo la galaja kuti aulowetse m'malo mwa fyuzi.

Apa ndiye pamene munthu wabwino akanalankhula. Msomali supsa, chimene chimapsa ndi mawaya, ndipo mawaya a galimoto ija ndi okutidwa ndi nsalu youma ngati udzu. Ndinayang'ana bala la sowo pa thabwa lija, m'mbali mwake muli mano-mano, ndipo mtima unandiuza kuti wailesi imeneyi isatuluke pano yamoyo. Ndinati ndikufuna kuonanso batire. Ndinatsegula boneti, n'kumasula nati ya mutu umodzi kuti waya ungokhalapo mwaulemu, woti n'kuuzula ndi dzanja nthawi iliyonse. Nzeru zanga zinali zoti wailesi ipse, galimoto itsale.

"Mayi a kunyumba," anaitana a Tayi, "takhalani kumbuyoku ngati mkwatibwi, mutiuze ngati masipika akumveka."

Achemwali analowa akuseka, amuna awo n'kuwatsekera chitseko mwaulemu wonse. Ndinaona, achimwene. Sindinganame kuti boneti inanditchinga. Ndinaona, ndipo ndinadziuza kuti ndi nkhani ya kamphindi.

A Tayi atalowa kutsogolo n'kupotokola kiyi, timagetsi tinathwanima kamodzi. Kenako kunamveka kununkha kwa pulasitiki, ndipo utsi wakuda unayamba kutuluka m'bowo lija. Dzanja langa linali kale pa waya. Sindinazule msanga. Ndinafuna upse mokwanira, kuti pasadzapezeke mmisiri woiukitsa.

Ndipo a Tayi anachita chimene sindinachiwerengere. Anatuluka ngati aponyedwa ndi legeni, chitseko n'kuchimenyetsa kumbuyo kwawo, liwiro mpaka kugeti. Utsi unadzaza galimoto yotseka. Ndinamva achemwali akumenya galasi ndi zikhato, akufufuza chotsegulira chimene kulibe. Ndinakoka waya, koma unali utatentha n'kukakamira. Ndinaugwira ndi dzanja lonse, khungu likupsa, mpaka unazuka. Pamene ndimazungulira galimoto, ndinapeza amayi afika kale. Amayi amene amatenga nthawi ya nyimbo yathunthu kuchoka pakhonde kufika pa mpopi. Ndodo yawo inali itagwa pamasitepe. Anatsegula chitseko n'kumukoka mwana wawo ngati akumubalanso.

Achemwali anakhala pansi akutsokomola, misozi ili chuchuchu. Atapeza mpweya anadzutsa mutu n'kuyang'ana kugeti. A Tayi anali atagwira chitsulo cha geti, phazi limodzi lili mumsewu.

"Ndimati ndikatunge madzi," anatero.

"Mpopi uli kuno, bambo," anayankha amayi. "Kumeneko kuli basi."

Achemwali sanakalipe. Anadzuka, analowetsa dzanja mu utsi muja, anazula makiyi, n'kuwaika m'dzanja la amayi, n'kuwapinda zala. A Tayi anayamba za akwati a Loweruka, za mbiri ya bizinesi, za kuti banja limakambirana. Achemwali anangoti, "Pitani mukakambirane ndi madzi anuwo." Anapita wapansi, tayi ili paphewa, kumsana kwa shati kuli chidindo cha oyilo. Ndikanakhala wojambula ndikanakutumizirani, mupachike pabalaza.

Galimoto sinapse. Mawaya a pansi pa dashibodi ndiwo apita, ndipo ndiwalukanso ndekha dzanja likapola. Wailesi ya a Tayi ija ndaiika pa shelefu m'galaja, yakuda bii, ndipo ndikamadutsa ndimaipatsa moni. Musayembekezere kuti ndinena kuti ndikuwamvera chisoni a Tayi. Ndamva kuti akwati aja anakwera galimoto ya mnansi wawo yonyamula matumba a simenti, ndipo a Tayi akuuza anthu kuti ndinawalodzera wailesi. Ndikanakonda akananena kuti ndinawaposa nzeru, koma munthu sasankha mbiri yake.

Chotsala ndi ichi. Madzulo a tsiku lomwelo achemwali ankandimanga bala kukhitchini. Anapaka mankhwala, kenako anafunsa osandiyang'ana.

"Waya wa batire amamanga ndi nati, eti?"

"Eya."

"Nanga iwe unauzula bwanji wopanda sipanala?"



"Unamasuliratu," anatero. "Unkadziwa kuti kubwera utsi. Ndipo unandiona ndikulowa."

Anamaliza kumanga, anakoka mfundo mwamphamvu mpaka ndinaluma mlomo, n'kusamba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo ali konkuno, akugona kuchipinda chanu chakale. Amuna awo akaimba foni sayankha. Amacheza ndi amayi, amaseka ndi woyandikana nafe, bandeji amandisintha m'mawa uliwonse mosaphonya. Koma mawu kwa ine, ngakhale limodzi.

Ndiye ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, kumeneko kuli anthu osunga magalimoto akale; tandifunsirani ngati lingapezeke thabwa la dashibodi la mtundu umenewu, ngakhale long'aluka, bola losachekedwa. Lachiwiri, muwalembere achemwali. Musanditeteze, poti mlandu wake mungaluze. Mungowauza kuti mng'ono wawo ndi chitsiru chophunzira, ndipo inu munadziwa kalekale. Mwina akamva wina akunditukwana adzafuna kuwonjezerapo, ndipo kuti awonjezere bwino adzayenera kundiyang'ana.

Amayi akupereka moni kwa inu, kwa alamu ndi kwa adzukulu awo. Akuti Lachinayi lino apita kuchipatala pa basi komaliza. Achemwali nawonso akuti ndikupatseni moni wambiri, ndipo akuti akusowani. Anawauza amayi kuti andiuze, tonse atatu titakhala patebulo limodzi.

Ndine mlongo wanu wotsiriza,
wolemba ndi dzanja lamanzere.