Ndinakana Kuti Masozi Agone

Agogo,

Ndikulemba uku ndikumwetulira ndekha, koma pali kanthu kakundidya. Amuna anga, a Isake, amamwa mapilitsi a tulo omwe anawapatsa kuchipatala atagwa pangolo. Sabata yatha tikusankha fodya m'chigafa, mwana wathu Masozi, wa zaka zitatu, anawapeza pawindo n'kumeza, kuyesa maswiti. Ndinamupeza ali lefuu, dovu chuchuchu, pomugwedeza osadzuka.

Apongozi anati, "Mupatseni mkaka agone, tulo si matenda." Agogo, chikwatiwire sindinawatsutsepo apongozi, koma tsikulo ndinati, "Ayi amayi, uku si kugona." Ndinamubereka, botolo m'manja, liwiro mpaka kumsewu, n'kuimitsa lole ya fodya yomwe inatifikitsa kuchipatala. Lero Masozi akuthamangitsa nkhuku pabwalo!

Adokotala ataona botolo anati, "Mwachita mwayi, awa ndi a mtundu watsopano. Akanakhala akale aja, bwenzi tikunena zina." Basi, a Isake anangotola mawu amenewo. Akuti mankhwala awo sapha. Abwezera pawindo pomwe paja, ndipo Loweruka amatsitsira ndi kachasu. Nditani?

E.M., Mitundu

Mayi E.M.,

Ndikanakhala pafupi ndikanakuimbirani nthungululu! Mwanayo mwamuwombola ndi miyendo yanu. Munachita bwino kunyamula botolo, komanso kukana mkaka uja, chifukwa mwana wolefuka ukamuthira kanthu kukamwa amatsamwa.

Adokotala sananame. Mankhwala a tulo amasiyana ukali, ndipo atsopanowa amapatsa achipatala mpata wopulumutsa munthu. Koma palibe amene ali maswiti. M'thupi la kamwana, kapena akakumana ndi mowa m'mimba, munthu amagona mpweya n'kumachepa mpaka kuima. Bambowo akusewera paulimbo.

Lero lomwe tsekerani botolo m'bokosi, kiyi mumange kunsonga ya chitenje. Kenako mupite nawo a Isake kwa adokotala omwewo, akamve mawu onse, osati mbali yowakomera yokha. Za kachasu mukanene inuyo, iwo sakaulula. Asasiye mapilitsi paokha mwadzidzidzi, adokotala ndiwo akawauze kasiyidwe kake. Bambowo akavuta, itanani ankhoswe. Apongozi musawanyogodole ayi, akokereni kumbali yanu, pakuti amene ali pangozi tsopano ndi mwana wawo.

Chenjerani: aliyense amene wamwa mankhwala otere akapanda kudzuka pomugwedeza, musadikire kuti tulo tithe, thamangani naye. Ndipo "ayi" wanu uja musamutaye, mayi. Wapulumutsa Masozi, tsopano apulumutse bambo ake.

Agogo