Bulangeti Lathu Lapita pa Njinga

Lolemba, 16 Juni 1924

Evelesi watupa timapazi, akutsokomolanso. Ndikuopa tsempho. Aphunzitsi ku mishoni amati kulibe zimenezo, koma mwanayu ndi wanga.

Abambo ake, a Saulosi, ananyamuka dzana. Azungu awiri a minda ya thonje anakangana kuti mesenjala wa yani amapalasa kwambiri, ndiye basi, mpikisano: kuchoka kuno ku Nsanje kukafika ku Chikwawa n'kubwerera. Wopambana njinga ikhala yake. Chonsecho mlungu uno ndi umene anamkungwi anaika kuti titenge mwana kumphasa, alimbe thupi. Mwana wosatengedwa, bambo akagona ndi mkazi wina kunjako, amatupa chonchi. Ndinawakumbutsa. Iwo ati, "Mwana sathawa, Dorika, njinga ndiye ithawa." N'kumangirira bulangeti lathu kumbuyo kwa chishalo. Limodzi lomwelo! Chiperoni chonsechi ife tifunde chiyani, mphasa?

Lachiwiri, 17 Juni

Mwera tsiku lonse, kamvula kowaza. Ndamufunditsa nsalu yanga yakutchalitchi. Akuyamwa pang'ono n'kusiya.

Dzuwa lowatentha anthu chaka chonse lija lili kuti lero?

Lachitatu, 18 Juni

Alamu anga a Esinala abwera, osagogoda n'komwe. Ati wamalonda a nsomba waona njinga ya a Saulosi itatsamira khoma la mkazi wina kwa Tengani, kuyambira dzulo. "Nkhabe, palibe mpikisano apa, mlamu. Akupalasa zina achimwene angawo." N'kuseka! Ndawauza kuti akasekere kwawo.

Kwa Tengani! Ndiye kuti ku Chikwawa anafika, akubwerera, atsala pang'ono, n'kupatuka. Ndatenga mpope wakale wa njinga umene anasiya pakhomo ndauponya m'dambo. Akausake ndi mkazi wawoyo.

Anamkungwi amuona mwana. Ati mankhwala alipo koma sagwira popanda bambo, aulule yekha ndipo amwetse ndi dzanja lake. Ndinaphunzira kuwerenga Mateyu yense ine, lero ndikudikira chidakwa cha njinga kuti chindichiritsire mwana.

Lachinayi, 19 Juni

Phokoso kumsewu masana, ana kuthamangira belu. Ndinatuluka ndi mawu onse ali pakamwa. Sanali iwo. Anali a Augustino, mesenjala wa mzungu winayo, matope mpaka m'makutu. Apambana.

Madzulo abwera kuno wapansi, chipewa m'manja, bulangeti lathu m'khwapa.

Ati a Saulosi anali patsogolo njira yonse. Pamtsinje wina anaoloka madzi a m'chifuwa njinga ili pamutu, osaima kuti aume, n'kumapalasabe mumphepo muja, chigwa chonse chopanda pobisala. Kwa Tengani anagwa. Anawatola ndi amayi ena okalamba, osaona bwino, amene akuwamwetsa phala. Ndi khoma lija. Akupuma ngati mvukuto, ati, ndipo sangaime.

"A Saulosi anandigwira mwendo, mayi. Ati kapatse Dorika, mwana akuzizidwa. Ndinakana, iwo n'kuyamba kulivula okha."

A Esinala anali pomwepo. Sanaseke.

Lachisanu, 20 Juni

Mzungu wa a Saulosi watuma anthu awiri kwa Tengani. Ndinathamanga mwana ali kumsana kukafunsa ngati atenga machira. Kapitawo ati ayi, awatuma njinga. Njinga yokha! Iwonongeka ndi dzimbiri, ati.

Evelesi ali m'bulangeti, likununkha thukuta la abambo ake. Wagona, koma mapazi sanaphwe. Ngati si tsempho ndi chiyani? Sindikudziwanso woti ndimukwiyire.

Inu a Saulosi, opusa inu, mwafunda chiyani kumeneko? Mpope wanu ndakauvuula, uli pakhomo. Musandisiyire bulangeti m'malo mwa munthu. Bwerani, pabwato, chokwawa, mmene mungathere. Bwerani lero.