Sadaka ya Amayi Akali Moyo

Pruniseni,
Mwezi wa Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Tudorel,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino kumeneko ku Spain. Msana uja unasiya kukuvuta? Nanga mlamu wanga Anisoara ndi ana ali bwanji? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Ndikanati tonse tili bwino, koma pamenepo ndikananama.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati anthu akale. Pafoni supezeka iwe. Ndikaimba, umati uli pamwamba pa denga, ndiimbenso nthawi ina. Ukaimba iweyo, amayi amandilanda foni n'kuyamba kukufotokozera za nkhuku ndi za mphesa mpaka mayunitsi ako kutha. Ndiye ndapatsa dalaivala wa minibasi ya katundu uja, ndipo ndaiika pansi pa tchizi, chifukwa tchizi yekha ndiye suchedwa kumutsegula.

Khala pansi uwerenge mpaka kumapeto. Amayi ako andikwana, Tudorel. Ndikuti amayi ako, chifukwa masiku ano ine sindikuwadziwa.

Ukuwakumbukira Dokotala Coman, mayi wamfupi uja amene amabwera pachipatala chathu chaching'ono Lachiwiri ndi Lachisanu? M'chilimwe chapitachi anavutikira mpaka anatibweretsera galimoto yaikulu yojambula mawere, yofufuza khansa isanayambe kupweteka. Anayenda geti ndi geti kuitana azimayi, agalu akuwauwa, nsapato zili fumbi lokhalokha. Amayi anawayankhira kuseri kwa mpanda kuti bere limene linayamwitsa ana awiri n'kuwakuza silifunika kujambulidwa ngati mkwatibwi.

Ukudziwa chimene chinawapititsa? Anamva kuti a Paraschiva, amayi amasiye a kuseri kwathu aja, apita ndipo akudzitama pachitsime. Basi, mpango kumutu, ulendo. Akuti sangapambanidwe ndi munthu amene sadziwa ngakhale kukanda buledi.

A Paraschiva sanawapeze ndi kanthu. Amayi anawapeza ndi kachotupa m'bere lakumanzere.

Usagwe padengapo, tamvera kaye. Adokotala anatikhazika pansi tonse awiri n'kutiuza bwinobwino. Akuti kanthuko n'kakang'ono ngati nyemba, ndipo mwayi wake ndi woti kaoneka msanga. Chofunika n'kupita kuchipatala chachikulu cha m'tauni, akatengeko kachidutswa ndi singano, akaone ngati ndi khansa. Ikakhala khansa, akuti pa msinkhu umenewu imachotsedwa, munthu n'kubwerera kumunda kwake. Koma akuti mmera m'poyamba, ikadikira chaka nkhani imasintha.

Amayi anamvetsera mwaulemu, manja pamiyendo, n'kuthokoza. Ine mtima unakhala pansi. Ndinali wopusa bwanji!

Tsiku loyamba limene adokotala anatipezera malo, ndinadzuka n'kuvala msanga, koma amayi kulibe. Anabwera masana atakwera pangolo ya hatchi, atakhala pamwamba pa bedi latsopano ngati mfumukazi. Kumbuyo kunali matiresi, tebulo, mipando iwiri, ndowa, nyali ndi bulangete. Ndinawafunsa kuti kodi akukwatiwanso? Anati ndisiye mwano, ndigwire mwendo wa bedi.

Tudorel, amayi anaganiza zochita sadaka yawo akali moyo.

Iwe unachoka kale, mwina unaiwala. Ndi zija anachita agogo a Stanca tili ana, zoti munthu amadzikonzera yekha phwando la maliro ake, n'kupereka kwa wosauka bedi, zovala ndi ziwiya, kuti zonsezo akazipeze kutsidyako. Ndinawauza kuti zimenezo n'za anthu amene alibe ana. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti mwana mmodzi ali kumayiko, winayo amapsereza tirigu wophikira anthu pamaliro, ndiye iwo sakufuna kukagona pansi kumwamba chifukwa cha ife.

Adokotala anaimba mafoni mpaka anatipezera tsiku lachiwiri. Linakumana ndi tsiku lokulunga nyama m'masamba a kabichi, mawa lake kuli sadaka. Amayi anati mphika sungadikire, koma chipatala sichithawa, chinamangidwa ndi simenti.

Ukanaona sadakayo! Matebulo kuyambira pakhonde mpaka pa mtengo uja umabala mtedza wa zigoba zolimba. Mudzi wonse unabwera, ngakhale aja sitilankhulana nawo chifukwa cha malire a munda. Mwini malirowo ndiye anali pakati, epuloni m'chiuno, akukalipira aliyense. Ansembe atayamba pemphero, anawakoka mkanjo kuti asathamange, ino si ya munthu wina, ndi yawo, ndipo akumva mawu aliwonse. Amuna atakhuta kachasu wathu anayamba kunena kuti Mulungu awakhululukire malemu, malemuwo n'kumayankha kuti zikomo, onjezani msuzi.

Anthu ankaseka. Ine ndinkatsuka mbale kuseri, misozi ikugwera m'beseni.

Katundu yense anapatsa a Paraschiva. Ee, omwewo osadziwa kukanda buledi. Bedi, tebulo, diresi yabuluu ija unawatumizira pa Isitala, ngakhale nsapato zawo zopitira kutauni. Ndinati amayi, nanga kuchipatala mukavala chiyani? Anati kumene akupita nsapatozo zafika kale. Panopa a Paraschiva amadutsa pamsewu atavala amayi athu kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo m'mawa uliwonse amayi amawafunsa ngati matiresi ali bwino, chifukwa akuti ndi awo, awabwereka chabe.

Chiyambireni tsiku limenelo amayi ndi munthu wosangalala. Akudya bwino, akugona bwino, akuimba nyimbo podyetsa nkhumba. Ndikatchula chipatala amati munthu amene wamanga kale katundu wake sapita kukang'ambidwa. Ndinalira, ndinakalipa, ndinanyanyala chakudya. Anadya gawo langa.

Dokotala Coman nawonso mutu unawaima. Anabwera kunyumba ndi mafunso, akuti iwo ndi anzawo a kuyunivesite akuchita kafukufuku wofuna kudziwa chifukwa chake azimayi a m'midzi akayezedwa koyamba, ambiri sapitanso kukamaliza. Anafunsa amayi ngati vuto ndi mtunda, amayi anati ayi. Ngati ndi ndalama ya basi, ayi. Ngati akuopa ululu, anaseka, akuti anakuberekera iwe m'munda wa chimanga, mutu wako waukuluwo. Ngati sakhulupirira madokotala, anati amawakhulupirira kwambiri, makamaka awa, n'kuwalongedzera mazira. Adokotala anatuluka ndi mazira, yankho analibe. Pageti anandiuza kuti atipezera tsiku lachitatu, koma likatiphonya atibwezera kumapeto kwa mzere, ndipo mzerewo ukufika chaka chamawa.

Dzana ndiye ndinaphulika. Tinali pabwalo tikuthira kabichi m'mgolo, kukonzekera dzinja. Amayi ankawaza mchere n'kumandilangiza kuti chaka chamawa, iwo kulibe, ndisadzachulutse. Ndinaponya kabichi pansi. Ndinati amayi, ngati mukufuna kufa nenani, ndikaitane okumba manda lero lomwe, tisamavutitse adokotala amene akutha nsapato chifukwa cha inu! Ndinati a Paraschiva adzakhala zaka makumi awiri pabedi lanu, inu muli m'dothi chifukwa cha kanthu kangati nyemba!

Ndinkayembekeza kuti andigenda ndi chipande. Sanatero. Anapukuta manja paepuloni, n'kukhala pa chitsa chija abambo ankawazirapo nkhuni.

Anati iwo imfa sakuifuna, ndipo sakuiopa. Chimene akuopa ndi mdima. Paja kwathu kuno munthu akamamwalira timamugwiritsa kandulo yoyaka kuti aone njira. Anandikumbutsa za abambo, kuti anapita kuchipatala cha m'tauni akuyenda ndi miyendo yawo, chipewa kumutu. Nthawi yoona odwala itatha, amayi anauzidwa kuti atuluke, ndipo anatuluka, kandulo ili m'chikwama chawo. M'mawa mwake foni inalira. Abambo anamwalira okha, m'manja mulibe kandulo, popanda wowayatsira njira.

Anati, "Bambo ako mpaka lero akupapasa mumdima, Smaranda. Bedi ndinawatumizira, malaya ndinawatumizira, koma azipeza bwanji osaona?"

Tudorel, zaka zonsezi ndakhala nawo nyumba imodzi, ndipo sindinadziwe kuti akusenza chimenechi. Akuti pakhomo pano akadzayamba kupuma mobanika, ngakhale a Paraschiva adzathamanga ndi kandulo. Koma kumeneko adzawagoneka pakati pa alendo, chitseko chotseka, ndipo adzapita chimanjamanja ngati amuna awo.

Ndinawagwira dzanja. Ndinati amayi, singano yokha, muli maso, madzulo tili kunyumba. Ndipo ikadzafika nthawi ya opaleshoni, ine ndidzaima pakhomo pomwepo ndi kandulo, sindidzasuntha.

Ukudziwa chimene anandiyankha? Akuti ine ndili ngati iwo. Munthu wovala zoyera akandiuza kuti tulukani, ndimatuluka, ndikupepesa, n'kutsekanso chitseko bwinobwino. Akuti pa ana awo wamakani ndi mmodzi yekha, uja aphunzitsi analephera kumutulutsa m'kalasi mpaka anatuluka ndi aphunzitsiwo.

Wamva? Ine amene ndimawaza nkhuni, ndimawadula zikhadabo, ndimadzuka kukawagulira mankhwala a magazi, ndine wosathandiza. Iwe amene umatumiza zithunzi za kunyanja, ndiwe ngwazi, chifukwa cha kuuma mutu kumene kunatilizitsa tonse uli mwana. Zinandiwawa, sindikubisa. Komabe zoona n'zoona, ine ndikanatuluka.

Ndiye ndinati chabwino, ndimuitana. Pamenepo anadzambatuka. Akuti ndisayerekeze, mwanayo ali ndi ana, bwana wake angamuchotse ntchito, matikiti ndi odula, ndipo iwo sanapemphe munthu. Anabwerera kumgolo n'kuyamba kundikalipira kuti kabichi ndinaponya uja ndimutsuke.

Dzulo ndinakawauza adokotala zonsezi. Anati funso limenelo pa mafunso awo onse panalibe, ndipo akudabwa kuti ndi azimayi angati m'midzi muno akhala pakhomo pa chifukwa chomwechi. Akuti m'chipinda cha opaleshoni moto suloledwa, zimenezo n'zosakambirana. Koma pakhonde la panja pa chitseko palibe amene amasecha matumba a munthu, ndipo alankhula ndi anamwino kuti mmodzi wa ife asathamangitsidwe. Anati, "Achimwene anuwo abwere ndi makandulo ngakhale thumba lonse, bola asayatse."

Ndiye pempho langa ndi ili, mlongo wanga. Tsikulo ndi Lachinayi lotsatira chikondwerero cha Dumitru Woyera, chija cha kumapeto kwa mwezi uno. Bwera. Usatumize ndalama, usatumize mankhwala a kumeneko, usatumize diresi ina yoti a Paraschiva akavale. Bwera wekha ndi mutu wako woumawo. Bwana wako umuuze chilichonse. Umuuze kuti kwanu kwachitika sadaka ya amayi ako, ndipo sukhala ukunama.

Ndikudziwa zimene unena. Uti amayi sanakuitane, pafoni akumveka athanzi, Smaranda amakonda kukuza nkhani. Ndiye tamva ichi chomaliza.

Pa sadaka ija amayi anakokolola nyumba yonse. Malaya a abambo otsala aja anapita, nsalu za pakhoma zinapita, ngakhale mbale zija sitinkaloledwa kuzigwira. Chinthu chimodzi chokha anakaniza, jekete yako yachikopa yakale ija, yong'ambika pachigongono. A Paraschiva ataigwira kuti ingamukwane mdzukulu wawo, amayi anawamenya padzanja. Ili pamsomali kuseri kwa chitseko, pomwe unaisiya.

Lero m'mawa ndikusesa, ndinaigunda ndi tsache ndipo m'thumba munalira kanthu. Ndinapisamo dzanja. Muli kandulo yatsopano ya kutchalitchi, yokulungidwa m'kansalu koyera, ndi bokosi la machesi. Machesiwo anawamanga m'pepala la pulasitiki kuti asanyowe.

Ndinabwezeramo momwe zinalili. Sindinawafunse. Anangondiuza kuti ndisamasese ngati ndikumenyana ndi nyumba.

Undiperekere moni kwa Anisoara, umuuze kuti andikhululukire pomulanda mwamuna masiku ochepa. Ana uwapsompsone, ndipo kamtsikanako ukauze kuti agogo ake asunga mtedza wake. Amuna anga akupereka moni, akuti akakudikira pa siteji ndi galimoto. A Paraschiva nawonso akuti moni, ndipo avomera kubwereketsa amayi nsapato zija tsiku limodzi.

Mulungu akusunge padengapo, akuyendetse bwino panjira, ndipo atipatse kuti kanduloyo idzakalambire m'thumba momwemo osayatsidwa. Koma thumbalo likufunika mwini wake, Tudorel. Jeketeyo ine singandikwane, ndayesa kale.

Ndine mlongo wako wotopa,
Smaranda