Chala cha a Isake

Lachinayi, 6 Juni 1996

Nathenje. Tsiku loyamba kulemba anthu m'kafukufuku. Kuzizira, fumbi. Kuchokera ku Mitundu pa njinga yamoto ya ofesi, m'mphuno dothi lokhalokha.

Chipinda n'cha kuseri kwa sitolo ya a Mwanjuma. Khomo lili kumbuyo, dala, kuti olowa asaoneke. Abwera khumi ndi anayi, onse a kachasu. Fodya wagulitsidwa, ndiye ena afika atalawa kale.

Zimene tikuyesa n'zochepa. Sitikuwauza kuti asiye lero. Adye asanamwe, asamwe mutu wa kachasu, woyamba kudontha wowawitsa uja, achepetse mabotolo, azilemba masiku amene amwa, azibwera Lachinayi lililonse. A Gilibati, otiyang'anira, akufuna kudziwa ngati zimenezi zingatheke pamalo opanda dokotala. Ine ndikukayika, koma sanandilembe ntchito yokayika.

Inki yodindira zala pa fomu yovomereza yapezeka youma gwa. Ndathira jivi wopaka pazilonda pa thonje. Wagwira kuposa inki. Ndadzitama ndekha.

Omaliza kulowa, ena onse atapita: a Isake. Mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, kolala yoyera. Amamwera m'nyumba atatseka chitseko, zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Akudziwa ndi akazi awo okha. Kusaina kwawakanika, manja kunjenjemera. Ndawagwira chala chachikulu n'kudinda. Afunsa kawiri ngati zimveka kunja. Ndati sizimveka.

Loweruka, 8 Juni

Mitundu. Kuchapa. Jivi wa m'zala zanga sakuchoka. Sopo, mwala, ndimu. Wangozilala, m'zikhadabo akadalimo. Achoka yekha.

Lachinayi, 13 Juni

Abwera asanu ndi anayi.

A Pitala, okonza njinga pamsika, pakamwa sipatsekeka. Sabata yonse akhala akuimika chala m'mwamba: “Tavotanso ife, chipani cha kachasu!” Ndiye Nathenje yense akudziwa tanthauzo la chala chopaka jivi. A Isake safika pamsika. Sanamve.

Lamulungu kunali Mgonero. Onyamula thireyi ya makapu, mzere ndi mzere, anali a Isake. Zala zazikulu pamwamba pa thireyi, china cha jivi, tchalitchi chodzaza.

Andiuza ndi a Mwanjuma, chamunsimunsi, akuyeza shuga.  Ndagula inki m'sitolo momwemo. Inalipo ndi sabata yatha yomwe, ndikanangofunsa.

A Isake sanabwere.

Lachiwiri, 18 Juni

Ndawauza a Gilibati. Anagwira kumutu, kenako: “Mulembe mu lipoti, anzathu aphunzirepo.” Zoona. Koma lipoti silipita kutchalitchi.

Kalata yochokera kwa akulu a mpingo wa ku Nathenje, kudzera kwa abusa athu kuno. Ndikaonekere Loweruka, ndikafotokoze za chala cha mkulu wawo. Akudziwa kuti ndine wa mpingo womwewo, sindingakane.

Mayina sindipereka. Jivi ndi mankhwala a zilonda. Ndikanena kuti anadzicheka ndi chikwanje, ndinawapaka ndine. Ndabwereza katatu ndikusita. Bodzali likumveka bwino.

Lachinayi, 20 Juni

A Isake abwera. Pomaliza ngati kale, chipewa m'manja. Atulutsa pepala lawo lopinda kanayi. Zilembo za mphunzitsi, mizere yojambula ndi rula. Sabata yoyamba anamwa masiku asanu. Yachiwiri atatu. Akudya asanamwe. Mwa onse amene ndawalemba palibe wina watsika chonchi.

Za Loweruka sanatchule. Ndinayamba kupepesa, anakweza dzanja. Ndawauza za chikwanje. Anangoyang'ana pansi. Ndatenga ngati avomera.

Loweruka, 22 Juni

Kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Amuna khumi ndi awiri pa mabenchi, ine pa mpando pakati. Ndanena bodza langa bwinobwino. Ena anayamba kugwedeza mitu. Zinali zitatheka.

A Isake anaimirira. “Mwanayu akunama chifukwa cha chisoni. Chilonda ndilibe. Ndimamwa, ndipo ndinapita kukafuna thandizo.”



Awadula mumpingo, ukulu awachotsa. Ine andidzudzula, kalata ipita kwa abusa athu. Zimenezo sizikundiwawa kwenikweni. Chikundiwawa n'choti ndawakwiyira. Ndinawakonzera njira yotulukira, iwo aikana anthu akuona. Panjira ndimalankhula ndekha ngati wamisala. Mlembi wa mpingo anandifunsa potuluka ngati pali ena awo m'buku langa. Ndinati buku si langa.

Lachinayi, 27 Juni

Khumi ndi mmodzi. Awiri atsopano, asaina ndi inki. A Pitala atsika kufika masiku anayi, mutu asiya. Akuti chala chawo chayera, ndiwapakenso. Sindinaseke.

A Isake ayi. Ndadikira mpaka a Mwanjuma anabwera ndi loko.

Lachinayi, 4 Julayi

Khumi.

Pomaliza analowa mayi wachikulire, mpango wakuda, nsapato zapulasitiki. Akazi a a Isake. Mpando akana. Sanakweze mawu n'komwe.

Akuti zaka zonsezi bambo ankasiya kumwa Lachisanu madzulo, kuti Lamulungu akaime pamaso pa anthu opanda fungo. “Masiku awiri pa sabata ndinali ndi mwamuna, mayi. Ankawasunga ndi manyazi aja.” Tsopano chobisa palibe. Akumwera pabwalo kwa otcheza kachasu, dzuwa likuswa mtengo, Lamulungu lomwe. Dzulo anabwera nawo pa wilibala.

Ndinati tiwayendera kunyumba. Anati mwatiyendera kale.

Ndondomeko ikuti munthu akajomba kawiri motsatizana, tidzaze fomu yotuluka m'kafukufuku. Ndili nayo pano. A Isake, nambala 14. Chifukwa chosiyira, chongani chimodzi: wasamuka, wadwala, wamwalira, wakana yekha.

A Gilibati akuifuna mawa m'mawa. Ndayang'ana kutsogolo ndi kuseri komwe. Malo olembapo kuti chifukwa chake ndine palibe.